Maliro Amene Tinabisira a Padiri

Mkazi wanga anamwalira mu Fevereiro, mitsinje itadzaza. A Padiri sanabwere kumaliro, ndipo palibe amene ankayembekeza kuti abwera. Kwathu kuno, kuseri kwa Chiputo, wansembe amafika kawiri kapena katatu pa chaka, msewu ukauma. Nthawi ya dzinja timaika akufa athu ndi a katekista, amene amawerenga mapemphero a m'buku, kenaka timadikira. A Padiri akadzafika amatchula maina a akufawo pa Misa, n'kupita kumanda kukawaza madzi odalitsa. Tsiku limenelo lisanafike, ife timati maliro sanathe.

Ndinadikira miyezi inayi. Ndimaphunzitsa pa shikola ya m'mudzi momwemo, kumene ndinabwera ngati pulofesori n'kukhala mkamwini. Ndinkapita kuntchito, ndinkabwerako, ndinkadya chimene apongozi anga atumiza. Ndinaphunzira ku Tete, ndipo sindinganene kuti ndimakhulupirira zoti madzi owazidwa pa dothi amasintha kanthu kwa amene ali pansi. Koma mkazi wanga ankakhulupirira. Anabereka mwana wakufa, ndipo tsiku lotsatira, magazi atakana kuleka, anandiuza kuti, "A Padiri adzandiwaze." Ndinavomera. Ndi chinthu chokhacho chimene anandipempha.

Mu Junyu tinamva kuti a Padiri akubwera, ndipo kuti ulendo umenewu ndi womaliza. Anali atakalamba, maso atachita khungu, mtima nawo ukuvuta. Akuluakulu awo anawauza kuti abwerere kwawo kutsidya kwa nyanja, kumene anachoka tsitsi likadali lakuda. Zoti wina adzabwera liti m'malo mwawo, palibe ankadziwa.

Lachisanu madzulo a katekista anandiitana kwa apongozi anga. Ndinapeza atakhala pa mpando, apongozi ali pa mphasa atayang'ana kumbali, monga achitira mkamwini akakhalapo. Mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, ankasenda chinangwa pafupi ndi khomo.

"A pulofesori, nkhani ndi iyi," anatero a katekista. "A Padiri sakudziwa za maliro a akazi anu."

"Simunatumize uthenga?"

"Sindinatumize. Chaka chatha atauzidwa za imfa ya mkulu uja ankawaphikira, anagwa pakhomo pa kapela ku Malowera. Munamva inu. Anawanyamula pakamwa patapotoka. Uyo anali wophika chabe. Nanga uyu?"

Ndinadziwa chimene ankatanthauza. Mkazi wanga anabadwira panjira, makolo ake akubwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, ndipo a Padiri ndiwo anamubatiza ali wa masabata awiri. Kuyambira ali mtsikana, iye ndiye ankayambitsa nyimbo m'kapela. Ukwati wathu anadalitsa ndi iwo omwewo. Ankamutchula mwana wawo, ndipo anthu ankaseka koma sankatsutsa.

"Muwauze atadya, atapuma," ndinatero.

"Akagwera kuno, chipatala chili kuti? Mukufuna mudzi uno udziwike kuti ndiwo unapha wansembe pa tsiku lotsanzikana? Ndiponso kwathu kuno munthu amene akunyamuka ulendo wautali sitimuuza maliro. Akamve atafika."

"Nanga akafunsa za mkazi wanga?"

A katekista analoza mlamu wanga ndi chibwano. "Maso alibe. Amatidziwa ndi mawu. Alamu anuwa mawu awo ndi omwe aja a mkulu wawo. Ayambitse nyimbo, apereke moni, basi. Kenaka karo, galimoto yawo ija, inyamuke."

Mlamu wanga sanadzutse mutu. Mpeni unapitiriza kuyenda pa chinangwa.

"Ndiye kumanda sapita," ndinatero.

"Adzabwera wina."

"Liti?"

Apongozi anga anayankhula atayang'anabe kukhoma. "Bambo, amene anabala mwanayo ndine. Ngati ine ndavomera kudikira, inu dikirani nane. Wafa wafa. Tisaphe wina."

Mkamwini satsutsana ndi apongozi ake pakhomo pawo. Ndinati ndamva.

Loweruka masana ndinali kunyumba, ndikuchonga makope a ana. Kapela ili pafupi, kuseri kwa munda wa fodya. Kwaya inali itasonkhana kuti ikonzekere, ndipo ndinamva ng'oma zikuyesedwa, akazi akuseka. Kenaka kunachita zii, ndipo mawu amodzi anayamba nyimbo yolowera. Mkazi wanga anali ndi chizolowezi choyambira pansi pang'ono, ngati sakufuna, n'kukwera pa mawu achitatu. Sindinkadziwa kuti mng'ono wake anachigwira chizolowezi chimenechi. Ndinapezeka nditaima pakhomo, cholembera chili m'manja, mwendo umodzi uli kale panja. Thupi linali litakondwa mutu usanakumbuke. Ndinabwerera mkati, ndinakhala pansi, ndipo nyimbo ija anaibwereza kasanu.

Karo inafika Lamulungu dzuwa litakwera. Akazi anaimba nthungululu, ana anathamangira fumbi. A Padiri anatsika mothandizidwa ndi woyendetsa, ataonda, atavala magalasi akuda, ndodo ili m'manja. Aliyense wowapatsa moni ankamutchula dzina asanamalize kunena kuti "Mwafika bwanji, Bambo". Ine ndinaima kumbuyo.

M'kapela ndinakhala pa benchi langa la nthawi zonse. Mlamu wanga anaima pamalo a mkulu wake, kutsogolo kwa kwaya, atavala kapulana ya mkazi wanga, chitenje cha kwaya chimene ine ndemwe ndinabweza kwa apongozi maliro atachitika. Kuchokera kumbuyo, mpango utamangidwa kumutu, panalibe kusiyana. Atayamba nyimbo, a Padiri anadzutsa mutu, anatembenukira kumene kunkachokera mawu, namwetulira. Anthu onse m'kapelamo anaona kumwetulira kumeneko. Palibe anayang'ana mnzake.

Itafika nthawi yokumbukira akufa, a katekista anayandikira guwa ndi kapepala, nawerenga maina a amene anatisiya m'dzinja. Nkhalamba ziwiri, mwana wa kumudzi wa kutsidya, ndi bambo wina amene anakokoloka ndi madzi. A Padiri ankabwereza dzina lililonse. Kapepala kanapindidwa.

"Basi?" anafunsa a Padiri motsitsa mawu.

"Basi, Bambo."

Sanapitirize. Anaima manja ali m'mwamba, mutu utapendekera kumbali ngati munthu amene wamva wina akuitana kutali. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinamva malata akulira ndi dzuwa, ndinamva nkhuku zomangidwa panja. Dzina la mkazi wanga linali m'kamwa mwanga, lilime litakonzeka. Apongozi anga anali kumbali ya akazi, ndipo ngakhale sanatembenuke, ndinaona khosi lawo litauma. Ndinameza. A Padiri anatsitsa manja, Misa inapitirira.

Mawu awo otsanzika anali ochepa. Anati anabwera kuno ali ndi tsitsi, mano ndi maso, ndipo zonsezo akuzisiya m'dziko lino, aliyense akazitola asunge. Anthu anaseka. Anati denga la kapela likonzedwe mvula isanabwere, ndipo a kwaya aleke kukangana za ng'oma. Anati Lamulungu lililonse tizisonkhana ngakhale wansembe palibe, chifukwa Mulungu sadikira msewu kuti uume. Pomaliza anati, "Amene ndinamulakwira andiuze lero. Mawa mudzandifuna simudzandipeza."

Panja anawakhazika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu anafola kukawagwira dzanja, mabanja mabanja, ndi mphatso zawo. Mtedza, nkhuku, dengu la mapira. Wina anabweretsa mbuzi, a Padiri naifunsa ngati ili ndi pasipoti. A katekista anabwera kudzandikoka pamkono, nandiimika pambali pa mlamu wanga. "Moni wokha," ananong'oneza. "Musachedwe."

Sitinayang'anane. Ndinkamva fungo la kapulana ija, sopo ndi utsi, fungo limene linali litatha kale m'nyumba mwanga.

"Bambo," ndinatero nditagwada.

"Aa, pulofesori wanga wa mafunso. Wapeza mayankho?"

"Ayi, Bambo."

"Ine ndakalamba osawapeza. Mkazi wako ali kuti?"

Mlamu wanga anagwada, natambasula dzanja. A Padiri analigwira ndi manja awiri, namutchula dzina la mkulu wake.

"Ine, Bambo," anayankha.

"Waimba ngati kale. Ndimaopa kuti ukwati ukudyera mawu." Anaseka, kenaka anaweramira kutsogolo. "Nanga mwana? Mu Novembala unali ndi mimba yoti kugwada kumakuvuta. Mwana ali kuti?"

Zimenezi palibe anaziganizira. Tinakonza za mawu, za kapulana, za kapepala ka maina, koma tinaiwala kuti ulendo watha uja a Padiri anauzidwa za mimbayo, naidalitsa. 

A Padiri anapitiriza, "Bwera naye. Madzi alipo, mafuta alipo. Ndimubatize ndisanapite. Amayi ake ndinawabatiza ndine, naye akhale womaliza wanga m'dziko lino."

Kenaka ndinaona khamu la akazi likugwedezeka kumbuyo. Khanda linkabwera. Sindinaone amene analimasula kumsana, ndipo mpaka lero sindinafunse. Linkadutsa m'manja ndi m'manja, mwakachetechete, mkazi aliyense akulilandira n'kupatsira wa kutsogolo kwake, popanda wolamula, ngati chinthu chimene anachipangana kalekale. Linafika kwa mlamu wanga. Analilandira, analikhazika pachifuwa, nayamba kuligwedeza pang'onopang'ono. Linali la miyezi inayi kapena isanu, lonenepa, lili m'tulo.

Ndinayang'ana. Mkazi wovala kapulana ya mkazi wanga, wa khosi longa lake, atanyamula mwana wa msinkhu womwe wathu akanakhala nawo, atagwada pambali panga pa dzuwa, wansembe akumwetulira. Ndiyenera kunena zoona. Kwa kanthawi sindinafune kuti zithe.

A Padiri anapapasa mutu wa khandalo. "Tsitsi lambiri. Si la bambo ake ili." Anatembenukira kwa ine. "Dzina, pulofesori? Atate ndiwo amanena."

A katekista anali atatenga kale kabotolo ka madzi. 

"Bambo," ndinatero, "mwanayu si wathu. Uyu ndi mlamu wanga. Mkazi wanga ali kumanda kuyambira Fevereiro. Mwana anabadwa wakufa, iye anatsatira mawa lake. Anapempha kuti mudzamuwaze."

Ndinayankhula ngati ndikuwerengera ana mayankho a mayeso. Mkazi wina kumbuyo anayamba kulira, wina namuletsa. Woyendetsa karo anayandikira, a katekista anaika dzanja kumsana kwa mpando, onse akudikira kuti nkhalambayo igwe.

Sinagwe. A Padiri anachotsa dzanja pamutu pa khanda, koma la mlamu wanga sanalisiye.

"Iwe ndiwe wamng'ono uja."

"Ndine, Bambo."

"Anakutuma ndani?"

Mlamu wanga anaweramitsa mutu.

"Mubwezereni mayi wake mwanayo." Pakamwa pa a Padiri panagwedezeka pang'ono kumbali kumene panapotoka kale. Kenaka anati, "Katekista, zaka zonsezi ndaika anthu angati ndi iwe? Umaganiza kuti sindinamvepo imfa?"

"Timaopa mtima wanu, Bambo."

"Mtima ndi wanga. Ndipatse ndodo."

Woyendetsa anati nthawi yatha, kuti pamtsinje paja sawolokapo kukada. A Padiri anati ngati akufulumira atsogole, iwo amupeza. Anagwira mkono wanga, naimirira.

Kumanda ndi kutali pang'ono, kupitirira dambo. Tinayenda dzuwa lili paliwombo, iwo atatsamira pa ine, opepuka ngati mtolo wa udzu. Mudzi wonse unkatsatira kumbuyo popanda nyimbo. Panjira anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati anavutika nthawi yaitali. Ndinati usiku umodzi ndi m'mawa. Anagwedeza mutu.

Mtumbira unali utatitimira ndi mvula, udzu utamera. Ndinawaimika kumutu. Ananena mapemphero pamtima, natchula dzina lake mokweza, dzina lonse la ubatizo, ndipo anthu anayankha. Madzi anagwera pa dothi louma n'kuzimiririka nthawi yomweyo. Apongozi anga, amene pa tsiku la maliro sanalire pamaso pa anthu, anakhala pansi pomwepo, nalira.

A Padiri anadikira mpaka atatonthola. "Nanga mwanayo?" anafunsa.

Mwana wobadwa wakufa kwathu amaikidwa ndi akazi okha, kwina, popanda kulira, ndipo amuna sapitako ngakhale atate ake. Ine sindinkadziwa kumene ali. Ndinawauza choncho.

"Ine si mwamuna kwenikweni, funsani aliyense," anatero a Padiri. "Amayi, mundiperekeza?"

Apongozi anga anapukuta kumaso ndi kapulana. Anayang'ana akazi anzawo, ndipo palibe analetsa. Anaimirira, anachotsa dzanja la a Padiri pamkono panga, naliika pa wawo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anandiyang'ana m'maso.

"Inu khalani pano, bambo."

Ndinakhala. Awiriwo anatsika pang'onopang'ono cha kudambo, mlamu wanga akuwatsatira ndi kabotolo ka madzi. Amuna ena onse anatembenuka kuyang'ana kumudzi, monga mwa mwambo. Ine ndinachedwa kutembenuka. Ndinaona kuti pamene njira imagawikana anakhotera kumanzere, kumene kuli mitengo ya misuku, ndipo za mwana wanga ndikudziwa zokhazo.