Mapepala Amene Ankafuna Tikwirire ndi Mkamwini Wanga

Ndinadzuka 5 koloko isanakwane. Tulo take tinali tongotsamira pa mpando wa m'khitchini kwa mwana wanga ku Ongar, kuno ku Ireland, jekete ili m'thupi, faelo ya buluu ili m'kati mwa jekete. Pa balaza amayi a ku tchalitchi kwathu anali atatopa ndi nyimbo za usiku wonse, moti atatu okha ndi amene ankaimbabe chapansipansi. Bokosi linali lotsegula pakati pa balaza. M'menemo munagona mkamwini wanga, mwamuna wa ku Vietnam amene anakwatira mwana wanga wamkazi. Anagwa kuntchito m'khitchini ya nyumba yosamalira okalamba, ndipo sanadzukenso. Madokotala analemba kuti ndi mtima. Pepala lawolo ndili nalo.

Ine ndimasunga pepala lililonse. Ndinafika m'dziko lino kudzapempha malo othawirako, ndipo mlandu wanga unatha bwino chifukwa cha kalata imodzi imene munthu wa ku ofesi ankati sanalembepo, ine n'kuitulutsa. Kuyambira pamenepo sinditaya ngakhale risiti ya ku famase. Mkamwini wanga ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake miyezi iwiri asanamwalire anabwera kwathu ndi faelo ija, nandipempha kuti ndimusungire.

Mapepala a m'menemo anali a mlongo wake. Mayiyu anabwera kuno chaka chatha kudzera kwa ejenti wina, wa kwawo komweko, amene amapezera anthu ntchito ndi maviza. Ejenti yemweyo ndi amene anabweretsa mkamwini wanga zaka zapitazo, ndipo mkamwiniyo ankati akatchula dzina la ejentiyo nkhope imasintha. Za mlongo wake ejentiyo anakonza ndi amayi awo kumudzi, mkamwini wanga osauzidwa. Kalata inalonjeza ntchito yophika. Chilolezo cha ntchito chili ndi dzina la lesitilanti imene mayiyu sanalowemopo. Ntchito imene amagwira ndi yopaka zikhadabo mu shopu ina m'tauni, amagona pamwamba pa shopuyo ndi anzake asanu, ndipo pasipoti yake ili kwa ejenti, akuti kuopa kuti ingatayike. Mapepala onse analipo 14. Ndinawalemba manambala ndi pensulo pa kona. Tinali titapangana kuti Lolemba tipite nawo atatu, ine, iye ndi mlongo wake, ku ofesi ina m'tauni yothandiza obwera pa nkhani za ntchito. Maliro anali Loweruka. Ndinabwera nayo faeloyo chifukwa kwathu kunalibe munthu, ndipo sindisiya zinthu zotere m'nyumba yopanda munthu.

Kunja kunacha mochedwa, ndi mvula ya mawawa. Kuseri kwa nyumba anamanga tenti, pansi pake n'kuyatsa mbaula za gasi zinayi. Azimayi a kwathu ankakazinga nkhuku ndi kuphika mpunga. Anzake a malemu a ku Vietnam anafika ndi mapoto awo a supu, ndipo panali kukankhana pang'ono pa nkhani ya mbaula, aliyense akulankhula Chingelezi chake. Mayi wa ku Ireland wa nyumba yoyandikana anabweretsa masangweji natiuza kuti tiimike magalimoto pakhomo pake. Anthu anayamba kudzaza. Ena anachokera ku shifiti ya usiku ali m'mayunifolomu, ena ndi ana a sukulu a ku yunivesite amene anamva pa gulupu ya pa foni. Abale a malemu anamanga nsalu zoyera kumutu nayatsa lubani pafupi ndi chithunzi chake. Alamu ya utsi inalira kawiri, wina n'kuchotsa batire. Ndinaona pamene analiika.

Pakona ya bwalo ankawotcha mapepala m'chitini chachitsulo. Panali malaya a pepala, nsapato za pepala, foni ya pepala. Anandifotokozera kuti zimenezi zimamupeza womwalira kumene wapita. Mwambo wa eni ake sindiunyoza. Komabe ndinaima pomwepo mpaka anamaliza, ndipo pepala lililonse ndinaliyang'ana lisanalowe m'moto.

Ejenti anafika 9 koloko itangodutsa. Nkhata ya maluwa imene anabweretsa inafuna amuna awiri kuti ilowe pakhomo. Anthu a kwawo anasiya kulankhula. Ena anaimirira, awiri anatulukira khomo la kuseri. Ejentiyo anawerama katatu pa bokosi, napukuta maso. Ndinali pafupi, ndipo mpango wake unabwerera m'thumba uli wouma. Kenako anamutengera pambali mlongo wa malemu n'kumupatsa foni. Ndinamva mawu a mayi wachikulire akulira, ndipo ndinadziwa kuti ndi amayi awo kumudzi. Funso linandibwerera pomwepo: bwanji akulankhula ndi mwana wawo pa foni ya ejenti, iye ali ndi yake?

Atamaliza, ejenti anabwera kwa ine, nandigwira dzanja ndi manja awiri. Anandiitana kuti Papa. Anati kwawo munthu amapita ndi mapepala ake onse, kuti asavutike pa njira, ndipo amayi a malemu apempha kuti zitero. Anati wamva kuti pali faelo ya buluu imene malemu anasungitsa kwa ine.

Mtundu wa faeloyo tinkaudziwa anthu anayi: ine, mwana wanga, malemu, ndi mlongo wake. Mwana wanga salankhula ndi ejenti. Ndinayang'ana mlongo wa malemu, iye n'kuyang'ana pansi.

Ndinamusiya ejenti pomwepo. Ndinapita ku tenti kukafunsa bambo wina wachikulire wa kwawo ngati mwambo woika mapepala enieni m'bokosi ulipodi. Anayang'ana kukhomo kaye, n'kunena kuti ena amatero. Kenako anatembenukira ku poto imene mbaula yake inali yozimitsa kale, nayamba kutakasa.

Mkulu wa gulu lathu la Amalawi anandipeza pamenepo.

"Achimwene, ndamva. Mwabwera ndi faelo ku maliro? Mukufuna kumuzenga mlandu womwalirayo?"

Ndinamufotokozera mwachidule. Anamvetsera, kenako anapukusa mutu.

"Zonsezo ndi zoona, koma inu pano ndinu apongozi chabe. Mwini maliro ndi mlongo wakeyo. Mukakaniza, pofika madzulo zimveka kuti Amalawi analanda mapepala a munthu wakufa. Mwana wanuyu azikhala bwanji ndi anthu amenewa?"

Mwana wanga nayenso anabwera, maso atatupa. Anangoti, "Adadi, lero ayi. Mupatseni."

Ndinakwiya kwambiri, ndipo sindibisa. Munthu anasonkhanitsa mapepala miyezi yambiri, akuopa, akubisa, kuti mlongo wake apezenso pasipoti yake ndi kuchoka pamwamba pa shopu ija. Tsopano ankafuna kuti tiwakwirire naye limodzi, ife tikuimba nyimbo. Koma mkulu uja sananame. Kwathu ngakhale kuno, apongozi alibe mawu pa maliro a mkamwini.

Ndinalowa pa balaza n'kutulutsa faelo. Ejenti anatambasula dzanja. Ndinalidutsa dzanjalo, ndinapereka faeloyo kwa mlongo wa malemu. Ndinalankhula Chingelezi pang'onopang'ono kuti amve.

"Mayi, muli mapepala 14 umu. Alongo anu anawasonkhanitsa chifukwa cha inu."

Sanandiyang'ane. Analankhula mawu ochepa kwa ejenti m'chilankhulo chawo, nakwera m'mwamba ndi faelo, akuti akasinthe zovala za ku manda. Ndinayang'ana wotchi. Anatenga mphindi 12. Anatsika atavala jasi lakuda, naika faelo m'bokosi, pansi pa manja a mlongo wake. Ejenti anasendera, natukula chikuto ndi chala chimodzi. Ndinaona pepala lapamwamba. Linali nambala 9, la chidindo cha chala chofiira, pomwe ine ndinaika nambala 1 pamwamba. Ndinaganiza kuti wamusanjira bwana wake kuti aone msanga chimene ankafuna. Ejenti anagwedeza mutu natseka. Sanachoke pambali pa bokosi mpaka a kampani ya maliro atamanga chivundikiro.

Tinanyamuka 11 koloko. Bambo wa kampani ya maliro anayenda pansi kutsogolo kwa galimoto ya bokosi mpaka pa kona, anthu oyandikana nawo ataima m'makomo mwawo. Cha ku Blanchardstown tinachedwa ndi magalimoto a anthu opita kokagula zinthu. Ku manda mphepo inkakankha mvula cham'mbali, maambulera ena n'kutembenuka. Abusa anapemphera mwachidule. Anthu a ku Vietnam anaika mapemphero awo pa foni, mphepo n'kumawatenga. Ogwira ntchito ku manda ankafuna kuvundikira dzenje ndi mphasa yobiriwira kuti adzakwirire tikachoka, koma amuna athu anapempha mafosholo. Nanenso ndinagwira fosholo, ngakhale dokotala anandiletsa kunyamula zolemera. Ndinkaponya dothi ndikuwerenga mumtima, 1 mpaka 14.

Pa geti ya manda ejenti ankagawa timakadi kwa anthu a kwawo. Ankawauza kuti ngati ali ndi abale kumudzi ofuna ntchito kuno, iye amathandiza zonse, viza, tikiti ndi pogona. Nsapato zathu zinali zisanaume matope a m'manda. Ndinatambasula dzanja, anandipatsa kamodzi akumwetulira. Ndili nako. Mlongo wa malemu anamuuza kuti agona kwa mlamu wake masiku awiri. Ejenti anavomera, namukumbutsa m'Chingelezi, kuti tonse timve kukoma mtima kwake, kuti shopu imatsegula 9 koloko Lolemba.

Kunyumba anthu anadya nabalalika. Pofika 6 koloko kunja kunali mdima, mipando ya ku tchalitchi atainyamula, tenti atapasula. Mwana wanga anakagona. Ndinabwezera batire mu alamu ya utsi n'kukhala m'khitchini. Sindinafune kuonana ndi mlongo wa malemu, koma anabwera yekha, jasi lija lili m'thupi. Analimasula, natulutsa mapepala amene anali atawamanga pamimba ndi mpango. Anawaika pa tebulo ali ofunda, opindika pakati.

Ndinavala magalasi ndi kuwerenga. Kuyambira 1 mpaka 8 analipo. Kuyambira 10 mpaka 14 analipo. Ndinamufunsa kuti nanga m'faelo munali chiyani. Anati munali mapepala akale a mlongo wake amene anawapeza mu drowa ya kuchipinda, a sukulu yophika ndi a ku chipatala.

"Nanga 9?"

Analoza pansi.

Mkwiyo unandibwereranso. Nambala 9 ndilo pepala lokhalo limene ejenti anasainapo ndi dzanja lake. Pambali pa siginecha yake pali chidindo cha chala cha amayi awo, dzina lawo ndi mudzi wawo, monga munthu wovomera kuti mwana wake adzamvera zonse za ejenti. Ndinamuuza kuti wakwirira pepala lamphamvu kuposa onse. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako analemba pa foni yake m'chilankhulo chawo, foniyo n'kundiwerengera m'Chingelezi. Inati amayi amakhala okha. Inati mchimwene wake wa ejenti amakhala nyumba yachitatu kuchoka pa nyumba ya amayi. Inati dzina la amayi lisafike ku ofesi iliyonse.

Ndinamufunsa kuti anamuuza ejenti za mtundu wa faelo ndani.

"Ine, Adadi," anatero, monga ankandiitanira mlongo wake.

Mpaka lero sindikudziwa ngati anakonza zonsezi kuyambira pachiyambi, kapena ngati anasintha maganizo m'mphindi 12 zija. Ndinamufunsa kawiri, ndipo kawiri konse anangoyang'ana mapepala.

Pali chinthu chimodzi chimene iye sankadziwa. M'galimoto mwanga, pansi pa mpando, munali envelopu ya mafotokope a mapepala onse. Tsiku lonse sindinawawerengere, chifukwa fotokope munthu amatha kuikana pamaso pa ofesi, ndipo ndaonapo akuikana. Komabe fotokope ya siginecha ndi yabwino kusiyana ndi kupita chimanjamanja. Ndikanatha kuisunga osanena, Lolemba n'kungoitulutsa pa tebulo la ku ofesi. Ndinatuluka, ndinakhala m'galimoto nthawi ndithu mvula ikugunda pa denga. Ndinawerenganso pepala lonse la fotokope ya nambala 9, mbali ya Chingelezi. Kenako ndinalowa nalo m'nyumba n'kuliika patsogolo pake.

"Ili ndi lanu. Lina ndilibe."

Analiyang'ana, analipinda kanayi, naliika m'thumba la jasi. Sindinafunse kuti achita nalo chiyani. Iye anafunsa kuti Lolemba tiyenera kufika nthawi yanji. Ndinati 10 koloko, ndipo tikwere basi ya hafu 8 chifukwa m'tauni poimika galimoto pamavuta. Tonse tinkadziwa kuti 9 koloko idzatipeza tili m'basi, ndipo foni yake idzayamba kulira. Anati adzaizimitsa.

Atakwera kukagona ndinatsala ndekha. M'nyumba monse munali zii, kupatula furiji ndi mvula ya pa zenera. Ndinawongola mapepala 13 aja limodzi ndi limodzi, n'kuwatsindika ndi Baibulo la mwana wanga kuti pofika m'mawa akhale atawongoka. Ndinatulutsa pensulo kuti ndikonze manambala, koma ndinaibweza m'thumba. Akadzafunsa ku ofesi kuti 9 ili kuti, adzayankha mwini wake.