Nkhope ya Atate pa Nsalu Yoyera

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali mu giredi faifi, pamene azungu atatu ojambula filimu anafika ku kampu ya alendo kumene atate ankagwira ntchito, m'mbali mwa Luangwa, kufupi ndi Mfuwe. Atate anga, a Sakala, anali onyamula tiyi. Alendo akamayenda wapansi m'tchire kukaona nyama, kutsogolo kunkakhala sikauti wamfuti, kenako wofotokozera alendo, kenako alendowo, ndipo kumapeto kwa mzere kunali atate ndi chikwama cha ketulo, makapu ndi mabisiketi. Ntchitoyo inali ya miyezi yopanda mvula yokha, koma ndiyo inkandigulira yunifolomu, ndiponso chimanga chaka chimene njovu zatidyera m'munda.

Ali mnyamata, atate ankasaka nyama monga ankachitira agogo. Anasiya ine ndisanabadwe, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Bwana wa kampu ankadziwanso, n'chifukwa chake ojambulawo atafuna munthu wowaonetsa mmene msampha wa waya umatcheredwera, iye analoza atate.

Anajambulira kuseri kwa mudzi wathu, m'mitengo ya tsanya, masana a Okutobala pamene dothi limawotcha ngakhale munthu atavala patapata. Ana tonse tinathamangira komweko ndipo anatiuza kuti tikhale patali, tisatsokomole. Mzungu wandevu, amene ankalamula anzake, anauza atate kuti avule yunifolomu yawo ya khaki ndi nsapato, n'kuwapatsa malaya ong'ambika amene anabwereka kwa munthu wina m'mudzimo. Atate anagwada, anapinda waya, anamangirira ku mtengo. Mzunguyo anati abwereze. Anabwereza. Kenako anati azicheuka uku ndi uku ngati amva mtswatswa. Atate anacheuka, maso ali tong'o, ndipo ife ana tinaphulika kuseka mpaka anatithamangitsa. Atatha, atate anamasula wayayo n'kumupereka kwa sikauti amene anaima pomwepo. Madzulo ake atate anabwera kunyumba ndi shuga ndi sopo za malipiro awo, akuseka okha.

"Mwaona, amake Misozi," anatero kwa amayi, "mwamuna wanu tsopano ndi wa m'sinema."

Mvula inagwa, inatha, chilimwe china chinabwera. Tsiku lina aphunzitsi athu, a Mwanza, analengeza kuti filimu ija yatumizidwa ndipo idzaonetsedwa pasukulu Loweruka, thu koloko masana. Sabata yonseyo ndinayenda ngati mwana wa mfumu. Mnzanga Esinati ndinamulonjeza malo pambali panga kutsogolo.

Loweruka lija anatseka mawindo a kalasi yaikulu ndi mabulangete, n'kupachika nsalu yoyera pa bolodi. Jenereta inkalira panja ndipo fungo la petulo linkasakanikirana ndi la thukuta la anthu amene anadzaza mpaka pakhomo. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Atate anakhala pa benchi ya azibambo, atasita yunifolomu yawo.

Chiyambi chake chinali chokongola moti sindinazindikire msanga kuti ndi kwathu komwe. Mvuu zinkayasamula m'madzi ofiirira ndi dzuwa, nswala zinkadumpha pang'onopang'ono ngati zikuyandama m'mwamba. Mawu a mwamuna wosaoneka ankalankhula Chingelezi mofatsa, ndipo a Mwanza, ataima pambali pa nsalu, ankamasulira m'Chinyanja, nthawi zina n'kuponyamo mawu a Chikunda kuti azigogo aseke.

Kenako nyimbo inasintha, inakhala yolemera ngati ng'oma ya pamaliro. Panaoneka manja akupinda waya. Ndinawadziwa manjawo nkhope isanaoneke. "Atate!" ndinakuwa, ndipo anthu anaombera m'manja. Nkhope yawo inadzaza nsalu yonse, ikucheuka uku ndi uku. Koma kucheuka kumene kunatiseketsa tsiku lija sikunali koseketsanso. Anaoneka ngati munthu amene akuopa kugwidwa.

Nkhopeyo itangochoka, panabwera mwana wa njovu. Chitamba chake chinali chodulidwa theka ndi waya, bala lili ndi ntchentche. Ankayesa kumwa madzi koma madziwo ankatayikira pa bala. Anagwada m'matope n'kuviika pakamwa. Mawu a Chingelezi aja anapitiriza kulankhula, koma a Mwanza anasiya kumasulira. Anangoyang'ana pansi. Ife ana a sukulu tinamva liwu limodzi limene aliyense m'chigwa cha Luangwa amalidziwa: pocha, wopha nyama mozemba. Zitatero anaonetsa mudzi wathu, nkhokwe zathu, utsi ukutuluka m'makhitchini.

Esinati anasuntha pang'ono pa benchi. Sindinacheuke kuyang'ana atate.

Zotsatira zake sizinabwere tsiku limodzi. Poyamba anali ana kusukulu, amene ankati akandiona n'kuyamba kucheuka uku ndi uku, maso ali tong'o. Kenako masikauti ochokera kutali, osati a kwathu amene ankadziwa nkhani yonse, anabwera kudzasecha nyumba za m'mudzi mwathu. Kwathu sanapeze kanthu. Kwa a Chulu, oyandikana nafe, anapeza nyama yowamba padenga ndipo anamutenga mwana wawo wamkulu. Madzulo ake akazi a Chulu anaima pamalire a bwalo lathu.

"A Sakala, mwaswera bwanji?" anatero. "Mwaswera bwino ndithu inu. Munagulitsa mudzi ndi sopo."

Atate analowa m'nyumba. Kwa anthu akunja anali pocha, kwa anthu akwawo anali wopereka anzake. Kampu nayo inali itasintha bwana. Watsopanoyo anamva kuti mlendo wina, amene anaonera filimuyo kwawo kutsidya kwa nyanja, anazindikira nkhope ya wonyamula tiyi n'kukana kumwa. Chilimwe chotsatira atate sanaitanidwe.

Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali m'kati mwanga. Ndinalipo tsiku lojambula. Ndinaona ndi maso anga atate akumasula waya. Komabe ndikatseka maso, manja awo ndi chitamba cha njovu ija zinkabwera pamodzi, ngati chimodzi chinabala chinzake. Mmawa wina tikupalira thonje, ndinalephera kupirira.

"Atate, njovu ija, kodi inakodwa mu waya wanu uja?"

Anaimika khasu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma pankhope pawo ndinaona kuti funso langa lawapweteka kuposa mawu a akazi a Chulu.

"Khala pansi, Misozi," anatero. "Pamene ine ndinkatchera, mitengo kumbuyo kwanga inali yotani?"

"Inalibe masamba."

"Nanga pamene njovu inkamwa, udzu unali wotani?"

Ndinaganiza. Ndinaona matope aja, ndi msipu wobiriwira m'mbali mwa thamanda. "Unali wauwisi."

"Ndiye kuti ine anandijambula m'chilimwe, njovu anaijambula m'dzinja, mwina kutali ndi kuno. Pakati pathu panali miyezi. Wina anakhala pansi kwawo, anadula miyeziyo, n'kutilumikiza ine ndi njovuyo." Anatola khasu lawo. "Palibe pamene ananena kuti Sakala ndiye anachita. Anangotiika moyandikana, iwe n'kumaliza wekha."

Ndinalira m'mundamo, ndipo iwo anandisiya ndilire. Ndinawapempha kuti akafotokoze zimenezi kwa bwana watsopano ndi kwa a Chulu. Anapita kwa bwanayo kamodzi, koma sizinathandize. Kwa a Chulu anapita ndi nkhuku mwana wawo atatuluka m'ndende. Nkhukuyo anailandira, koma mabanja athu sanabwerekanenso mchere.

A Mwanza anabwera kunyumba tsiku lina kudzapepesa. Anati iwonso sanaionere filimuyo asanaionetse. Anafuna kulembera ojambulawo, koma palibe amene ankadziwa kumene anali. Atate analima thonje ndi mapira moyo wawo wonse wotsala. Sanapitenso kukaonera filimu iliyonse, ngakhale ya Chikhristu imene inabwera kutchalitchi. Anamwalira ndili ku koleji ya uphunzitsi.

Lero ndimaphunzitsa mabuku ndi masewero pa sekondale ina ku Chipata. Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti filimu ija inali yabodza, koma ndinasiya, chifukwa si zoona kwenikweni. Manja aja anali a atate. Njovu ija inavutikadi, ndipo waya amene anaidula anatcheredwa ndi munthu, mwina wa m'chigwa mwathu momwemo. Ojambulawo mwina ankafunadi kupulumutsa nyama. Chithunzi chilichonse pachokha chinali choona. Bodza linali pa msoko, pamene palibe amene amayang'anapo. Ndipo mu filimu yonseyo, mwa anthu onse a m'mudzi amene anaoneka, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwa mpata wotsegula pakamwa. Palibe anafunsa amayi za usiku umene ankagona m'munda akuimba zitini kuthamangitsa njovu. Palibe anafunsa atate chifukwa chimene anasiyira kusaka.

Ophunzira anga akamaliza kuwerenga buku kapena kuonera sewero, sindiyamba ndi kuwafunsa ngati lawasangalatsa. Ndimawafunsa kuti ndani waika chinthu ichi pafupi ndi icho, chadulidwa pakati n'chiyani, ndipo ndani m'nkhaniyi amene akuoneka koma sakulankhula. Ena amati ndimawawonongera kukoma kwa nkhani. Mwina akunena zoona. Ine ndemwe nyimbo yachisoni ikayamba m'filimu, mtima wanga m'malo mofewa umayamba kufufuza amene akufuna kuti ndimudane.

Pali chinthu chimodzi chimene sindiuza ophunzirawo. Kwathu kunalibe kamera, ndipo chithunzi cha atate chimene tinali nacho chinadyedwa ndi chiswe. Malo okhawo padziko pamene atate akadali kuyenda, kugwada, kutembenuza khosi lawo, ndi m'filimu ija. Ndaifunafuna kwa zaka osaipeza. Ndikudziwa chimene inawachita, ndipo sindinaikhululukire. Koma wina atabwera nayo lero, ndingatseke chitseko, ndingazimitse mawu ake onse, n'kukhala pansi kuwayang'ana atate anga mpaka kude.