Mphindi Khumi za pa Katima

Aliyense amene tayala la njinga linamuphulikira pafupi ndi Mukuni Park m'zaka zimenezo ankawadziwa ba Akufuna. Ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa ogulitsa ziboliboli, beseni la madzi pambali, pampu pamwendo, nkhope ili ndwii. Sanali munthu woipa ayi. Kungoti kuseka ankakuona ngati kuwononga mano.

Anabadwira ku Senanga, nabwera ku Livingstone ali mnyamata kudzafuna ntchito ya njanji. Ya njanjiyo sanaipeze. Anapeza ya umesenjala m'maofesi a boma, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi mphambu anapalasa njinga yakuda, kunyamula makalata a anthu ena. Atapuma ntchito mu 1992 njingayo sanaisiye. Anthu a ku Maramba, kumene ankakhala, ankati ba Namasiku, akazi awo, ali pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi njinga.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Lungowe. Mtsikanayo atakondana ndi dalaivala wa malole wa ku Katima Mulilo, ku Namibia, ba Akufuna anakana kwamtuwagalu. Chifukwa chenicheni chinali chakuti mwana akupita kutali, koma bambo wa msinkhu wawo sanena zotero, ndiye anangoti mnyamatayo alibe ulemu. Lungowe anapitabe, iwo namuuza pamaso pa anthu kuti phazi lawo silidzaponda pakhomo pake. Mawu otere amatuluka mosavuta, kuwabweza ndiye ntchito. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa. Ba Namasiku ankalemberana naye mwanayo, kawiri konse anakwera basi kukaona mdzukulu, ndipo pobwera ankasimba nkhani zake mokweza ngati akuuza khoma. Ba Akufuna ankapukuta tcheni cha njinga chopukutapukuta kale, makutu ali tcheru. Ankamusowa mwana wawo koopsa.

Mu Malichi 1997 kunabwera Jonas, mlembi wa kalabu ya opalasa njinga m'tauni, kudzawongoletsa wilo. Podikira anayamba kudzitama za mpikisano umene ankakonza mu Juni: masiku atatu, mayiko anayi. Kuwoloka mlatho wa pamathithi kulowa Zimbabwe, kukagona ku Kasane ku Botswana, m'mawa mwake kudutsa Namibia mpaka Katima, kuwoloka Zambezi pa pantuni kukagona ku Sesheke, tsiku lachitatu kubwerera ku Livingstone.

Sipanala inaima m'manja mwa ba Akufuna.

"Wakamba kuti mupita pa Katima?"

"Tipitako chabe, ba mdala. Kugona ni ku Sesheke. Wamene azasiyiwa na pantuni yomaliza, ninshi resi yamuthera pamene apo."

"Nilembe."

Jonas anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha. "Ba mdala, iyi ni ya banyamata."

"Ine ninayamba kuchova iwe ukalibe kubadwa. Lemba."

Kuyambira tsiku limenelo ba Akufuna anasanduka munthu wina. Anatenga mapu, ulusi ndi rula, nayeza msewu wonse kagawo ndi kagawo, kulemba m'kope kuti apa pali chitunda, apa pali mchenga, apa njovu zimakonda kudutsa ndipo ndi bwino kudikira anzako. Anafunsa madalaivala a mabasi za maenje a msewu wa Sesheke, amene ankati ena mwa maenjewo munthu angabisalemo ndi njinga yomwe. Anakonzetsa pasipoti. Anagula matayala awiri atsopano, machubu anayi, zigamba ndi guluu, nasokera thumba la mtedza wokazinga pansi pa chishalo. Loweruka lililonse ankapalasa kupita ku Zimba ndi kubwerako, mabotolo amadzi ali lendelende, ndipo Lamlungu kutchalitchi ankagwada ndi kudzuka ngati chitseko chadzimbiri.

Ba Namasiku ankangoona. Tsiku lina masana, akuyanika zovala, anasuzumira m'kope lija limene linali pampando.

"Batate bake Lungowe, pano mwalemba kuti manzi yazasila pa Katima."

"Ni masamu."

"Pa Ngoma, polowela mu Namibia, palibe manzi? Pa boda palibe pompi?"

"Ya pa boda yanunkha mankhwala."

"Oho. So muzamwa kuti?"

Ba Akufuna anayang'ana kumwamba, ngati yankho lili mu mtengo wa mango. "Munthu wa pa resi angapemphe manzi pa nyumba iliyonse. Si kuchezera. Ni mateni minitsi chabe."

Mayiwo anawamvera chisoni kwambiri amuna awo. Miyezi yonseyi ya thukuta, mayiko anayi, njovu ndi mchenga, zonsezo kuti nkhalamba iime mphindi khumi pakhomo pa mwana wake popanda wina kunena kuti yabweza mawu. Sanawaseke. Anangolowa m'nyumba, natuluka ndi pepala ndi envulopu.

"Mulembeleni. Angachokepo siku iyo, mupeze pakhomo palibe munthu."

Kalatayo inawatengera masiku atatu, ndipo inatuluka youma ngati za kuboma zimene ankanyamula kale. Inati wolembayo adzadutsa pa Katima Mulilo pa 14 Juni cha m'ma 2 koloko masana, ali pa mpikisano wa njinga, ndipo akupempha madzi akumwa malita anayi. Sadzalowa m'nyumba. Sadzachedwa kupitirira mphindi khumi, chifukwa cha pantuni. Pansi anasaina dzina lonse, Akufuna Lubinda.

Kenako kudikira. Munthu amene moyo wake wonse anaperekera anthu makalata osaganizako kuti mwini wake wagona bwanji poidikira, tsopano anadziwa. Tsiku ndi tsiku ankadzera ku positi, kutsegula kabokosi, kutseka. Anayamba kuiwala kumata zigamba pa machubu a anthu. Ankaopa chinthu chimodzi, kuti mwanayo angayankhe mwaulemu womwewo wouma, kuti madzi mudzawapeza pageti.

Sabata yachitatu yankho linafika. Sanalitsegule pa positi. Anapita nalo pansi pa mtengo wawo, napukuta manja kawiri, nang'amba envulopu ndi sipoko.

"Ba tate," inatero kalatayo, "manzi yaliko, nizayaika mu nongo ya dothi kuti yazizile. Koma ndimwe munaniphunzisa kuti mlendo sapasiwa manzi ali choimilila. Afunika ankhale pansi, bamupase moni, bamufunse za kunyumba. Ine siningaphwanye mwambo wa batate banga chifukwa cha pantuni. Mpando uzankhala pakhonde. Ndine mwana wanu, Lungowe."

Anaiwerenga katatu. Wogulitsa ziboliboli wina amene anabwera kudzabwereka pampu anawapeza akupukuta m'maso ndi nsanza ya girisi, nabwerera mwakachetechete osatenga pampuyo.

Madzulo asanaweruke anakankha njinga mpaka kusitolo kumene Jonas ankagwira ntchito.

"Pa pepala yako ija, siku yachiwiri, lemba kuti ine nizasalila pa Katima. Musanilindile pa pantuni."

Jonas anadabwa. "Ninshi mwachoka mu resi, ba mdala. Myezi yonse iyi muchova ku Zimba? Banyamata bayamba kukuyopani, imwe mufuna kusiyila pakati?"

"Niziba."

"Nanga kuli chani ku Katima?"

Ba Akufuna anaika dzanja pa chishalo. Mawuwo anali asanatuluke pakamwa pawo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anatuluka mosasa.

"Kuli mwana wanga," anatero.