Ndalama ya Mmbulu Imene Ndinakwecha

Chinali chaka changa chachiwiri ku Leicester, mliri uja usanabwere. Ndinkakhala ku Braunstone, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera mabasi awiri kupita ku Oadby kukasamalira abambo ena achikulire, mzungu amene kale anali mphunzitsi. Akazi awo anali atamwalira, ndipo maso awo ankangoona mbuu.

Pawindo la chipinda chawo pankakhala kabokosi ka ndalama zakale zamkuwa, za nthawi ya ufumu wa Aroma. Anazitola okha m'minda ya alimi, akuyenda ndi akazi awo ndi makina ofufuzira zitsulo pansi. Akatha kudya ankaitanitsa kabokosiko, n'kumazipapasa ndi chala chachikulu. Ankazidziwa zonse osaziona.

"Iyi ndi mfumu yovala nkhata yamasamba kumutu," ankatero. "Iyi, asilikali awiri ndi mikondo. Koma iyi ndiye ndimaikonda. Ndi mmbulu ukuyamwitsa ana awiri amapasa. Anaitola ndi mayi a m'nyumba muno."

Ine ndinkangoona tizitsulo tobiriwira, tauve. Kwathu ku Ntcheu ndinakula ndikukwecha mapoto ndi mchenga mpaka kudzionera nkhope, ndipo chitsulo chadzimbiri m'nyumba chinali chamanyazi. Ndinkaganiza kuti ana awo sawasamala.

Tsiku lina masana atagona, ndinatenga ndalama ya mmbulu ija, popeza ndi imene ankaikonda. Ndinaiviika mu viniga, kenako ndinaikwecha ndi sitiwulu. Zobiriwira zonse zinachoka, ndipo inayamba kuwala ngati yatsopano. Koma nditaiyang'anitsitsa padzuwa, ana aja panalibe. Mmbulu unangotsala kamzere ka msana.

Ndinaibwezera m'kabokosi, pansi pa zinzake.

Mawa lake anaitanitsa kabokosi ngati masiku onse. Anapapasa imodzi, kenako ina, ndipo atafika pa ija chala chinaima. Anaitembenuza kangapo.

"Iyi si yanga," anatero.

"Ndi yanu, bambo," ndinayankha, n'kupitiriza kupinda malaya ngati sindikudziwa kanthu.

Anaibweretsa pamphuno, nainunkhiza. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mwana wawo wamkazi anabwera dzulo. Apa m'pamene ndinaona kuti ndikangotseka pakamwa, mlandu ugwera munthu wosalakwa. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo monga timachitira kwathu, ngakhale sankandiona.

"Ndine, bambo. Ndimafuna iwale. Ndikhululukireni."

"Chobiriwira chija si litsiro," anatero. "Ndi chimene chinasunga chithunzicho m'nthaka zaka zonsezi. Bwezi mutandifunsa."

Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Ndinawauza kuti ndikadzinenera ndekha ku ofesi imene inkandituma. Anakana. Anati nkhaniyi ndi ya ife awiri, ndipo anandipempha tiyi.

Ndinagwirabe ntchito m'nyumbamo miyezi isanu ndi iwiri, mpaka mwana wawo anawatenga kukakhala nawo ku Nottingham. Ankandilandira bwino tsiku lililonse, koma ine sindinkathanso kucheza nawo momasuka ngati kale. Tsiku losamuka ndinawathandiza kulongedza zovala ndi mankhwala, ndinawakweza m'galimoto, ndinabwerera kukatseka mawindo.

Amuna anga ndinawauza patatha chaka. Anzanga a kutchalitchi, amene timauzana zonse za kuntchito, sindinawauzepo mpaka lero.