Ndinaletsa Mkazi Wanga Kundiuza Zoipa Ndili Pamsewu

Inu owerenga, banja langa ndinalipasula ndekha, ndi pakamwa pangapa. Sindinagwidwe ndi mkazi wina monga anthu amatinenera ife oyendetsa mathiraki, ndipo mowa sindimwa n'komwe. Ndinangoika lamulo limodzi m'nyumba mwanga, mkazi wanga n'kulisunga bwino lomwe, ndipo lero ndikukhala ndekha m'kachipinda ka lendi ku Bwacha. Ndikulemba izi kuti mnzanga amene walandira kumene makiyi a thiraki asamezere zilizonse zimene akuluakulu a pamsewu angamuuze.

Ndinabadwira ku Kasanda, mu Kabwe momuno. Agogo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito mumgodi, mgodiwo n'kutsekedwa, ife n'kutsala ndi fumbi lake. Ndinayendetsa minibasi ya ku Chowa kwa zaka zingapo mpaka ndinapeza laisensi ya galimoto zikuluzikulu. Kampani ina ya ku Lusaka itandilemba ntchito yonyamula katundu kupita ku Congo kudzera ku Kasumbalesa, mkazi wanga, amake Sofiya, anavina pabwalo anthu akuona. Mwana tinali naye mmodzi yekha, Sofiyayo, wa zaka zinayi, wolongolola ngati wailesi.

Maulendo oyamba anandiphatikiza ndi dalaivala wachikulire, ba Mwape, kuti andiphunzitse njira. Pa ulendo wachiwiri, titangodutsa Kapiri, foni yanga inalira ine ndili pa chiwongolero. Anali mkazi wanga, akuti Sofiya watentha thupi ndipo akusanza. Sindinazindikire kuti thiraki yalowera mbali ya eni ake mpaka basi imene inkabwera kutsogolo inaliza hutala, ba Mwape n'kukuwa. Tinapulumuka mwa chisomo cha Mulungu basi.

Titaima pambali, mkuluyo anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Iwe, nkhani za ku nyumba sizikwela thiraki," anatero m'Chinyanja chathu cha m'tauni. "Kauze mkazi wako, dalaivala sibamuuza voipa ali pa mseu. Afuna ukafe?"

Mawu amenewo ndinawameza osatafuna. M'malo amene timaimika mathiraki ndinamvanso zomwezo kwa anzathu ena. Aliyense ankadzitama kuti mkazi wake ndi wolangizidwa, saimba foni wambawamba. Wina anafika ponyadira kuti imfa ya bambo ake anaimva atatsitsa kale katundu, anzake n'kumagwedeza mitu ngati wanena zanzeru. Ine, mlendo pa ntchito, ndinkafunitsitsa kuti andione ngati mwamuna mnzawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza chinthu chapafupi, choti foni ikalira uziyamba waima kenako n'kuyankha.

Nditafika kunyumba ndinapeza Sofiya akusewera panja, anali malungo chabe ndipo anali atachira. M'malo mothokoza Mulungu, ndinapsa mtima. Ndinamukalipira mkazi wanga pamaso pa mkulu wake, alamu anga amake Daliso, amene anabwera kudzazonda mwana. Ndinati kuyambira tsiku limenelo, ndikakhala pamsewu, kaya nyumba ipse, adikire ndibwere. Iye anandifunsa mwaulemu kuti nanga mwana akadzadwala kwambiri atani. Ndinamuyankha kuti, "Kodi ine ndine dokotala?" Inde, ndinatero ineyo, ndipo ndinadziona ngati ndalankhula zachimuna.

Patapita mwezi mkazi wanga anayesanso kamodzi. Anandiimbira kuti mayi anga agwa kubafa ndipo avulala mwendo. Ndinadula foni, osamulankhulanso ulendo wonsewo, milungu iwiri yathunthu. Apo ndiye anaphunzira. Kuchokera pamenepo, ndikaimba yankho linali limodzi, lakuti onse ali bwino, ndipo ine ndinkauza anzanga kuti nanenso wanga ndamuwongola.

Mwina simukudziwa kuti msewu waukulu wopita kumpoto umadutsa pakati penipeni pa Kabwe. Choncho ulendo uliwonse ndinkadutsa m'tauni yakwathu. Kampani inaika kachipangizo m'thiraki koonetsa ku ofesi pamene uli, ndipo ukaima nthawi yaitali pamalo osayenera amakuimbira. Ine ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa, ndiye ndinkaopa ngakhale mthunzi wanga. Tinapangana kuti mkazi wanga azindidikira m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pomwetsera mafuta pena, atatenga chikwama cha zovala zochapa ndi kontena ya chakudya. Ndinkaima mphindi zisanu, kumunyamula Sofiya, kumupatsa mabisiketi, n'kumapita. Kwa milungu yambiri, ubambo wanga wonse unkathera pa mphindi zisanu zimenezo.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la m'chilimwe, dzuwa lili paliwombo. Nditaima pamalo pathu paja sindinaone mkazi wanga kapena mwana. Panali alamu anga amake Daliso, atanyamula chikwama chokha, chakudya palibe. Nditawafunsa kuti amake Sofiya ali kuti, anayang'ana pansi n'kunena kuti atanganidwa pang'ono. Ndinatsegula chikwamacho n'kupeza malaya osasita, ena osauma bwino. Alamuwo anayamba kunena kuti, "Alamu, simungaselukeko olo pang'ono chabe, mufike..." Ndinawadula asanamalize kundipempha kuti nditsike. Ndinati nthawi yanga ndi ya kampani, si yawo, ndipo akauze mng'ono wawo kuti ngati watopa nane anene. Ndinakwera, n'kuliza injini, n'kumapita ndikutukwana mumtima chifukwa cha malaya.

Inu owerenga, pa nthawi imeneyo mwana wanga anali atagonekedwa m'chipatala masiku awiri, akukomokakomoka. Kuchokera pamene ndinaima kukafika pa bedi lake, munthu woyenda pansi sangathe mphindi makumi awiri. Tsiku limenelo anali atatsitsimuka, akulankhula, mpaka anamwako phala. Mkazi wanga anagwira foni kangapo konse n'kuibwezanso m'chikwama. Anatuma mkulu wake poganiza kuti mwina ndikaona nkhope yachilendo ndifunsitsa. Ine sindinafunsitse. Ndinaona malaya osasita, nkhope ya munthu amene anagona pansi m'chipatala masiku awiri osaiona.

Pa boda tinakhala pamzere masiku asanu. Masiku onsewo sindinaimbe kunyumba, ati ndikumulanga mkazi wanga. Titawolokera ku Congo, nambala ya kwathu inasiya kugwira, ndipo nambala yakumeneko sindinamupatse dala. Sofiya anamwalira tsiku lomwe ndinawoloka. Amalume anga anaimba ku ofesi ya kampani, koma mkulu wa kumeneko nayenso anali wa chiphunzitso chomwe chija. Anasunga uthenga mpaka nditatsitsa katundu yense, ndiye n'kundiuza kuti ndibwerere msanga, kunyumba kuli vuto. Abale anadikira masiku anayi, atatopa anaika maliro. Ine ndinafika n'kupeza mulu wa dothi ndi nkhata zofota.

Sindikunena kuti ndikanatsika tsiku lija mwana akanachira, ayi. Madokotala anayesetsa, ndipo ena ankati mwina fumbi la mtovu la kwathu ku Kasanda linali litamufooketsa kale. Koma ndikanamuona ali moyo, ndipo mayi ake sakanasenza zonsezo okha. Zimenezi zimandiwawa, komabe si zimene zinathetsa banja langa. Chimene chinalithetsa ndi chimene ndinachita mawa lake.

Monga mwa mwambo wathu, maliro akatha abale a mbali zonse ziwiri amakhala pansi kukambirana mmene zinayendera. Tinakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa. Azakhali anga ndiwo anayamba. Anafunsa kuti mkazi wanzeru zake angabise bwanji matenda a mwana kwa mwini mwana, mwamuna wake n'kudutsa pakhomo penipeni osamuuza. Anati pamenepa pali chimene akudziwa. Ena anavomereza, mawu n'kuyamba kukula, mpaka wina anatchula za kukhwima. Mkazi wanga anali atafunda chitenje kumutu, maso atatupa. Atamukakamiza kuti ayankhe anangoti, "Afunseni eni ake ali apawa."

Alamu anga anaimirira n'kufotokoza zonse, za lamulo lija ndi mawu anga omwe aja a dokotala. Azakhali anawabweza kuti akuikira kumbuyo mng'ono wawo. Kenako amalume anatembenukira kwa ine n'kundifunsa pamaso pa anthu onse ngati n'zoona kuti ndinaletsa mkazi wanga kundiuza za matenda.

Inu owerenga, apa ndiye pamene ndimadzida. Ndinaona maso onse ali pa ine, ndinaganiza za manyazi oti bambo anadutsa mwana wake akufa chifukwa cha lamulo lake lomwe. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti sindikukumbukira kuti ndinanenapo zotero. Mkazi wanga sanalire, sanatsutse. Anachotsa chitenje kumutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Patapita masiku awiri anakwera basi ndi mayi ake kupita kwawo ku Petauke, atasenza mbiri yoti anapha mwana wake.

Nditabwerera ku ntchito ndinakumana ndi ba Mwape pa boda akudya nshima ndi nkhuku. Ndinawafotokozera zonse. Anangoti pepa, ndiye nchito yathu iyi, n'kupitiriza kutafuna. Munthu amene ndinatengera nzeru zake mpaka kugwetsa nyumba yanga sanasiye n'komwe mbamu imene inali m'manja mwake. Pambuyo pake ndinamva kuti iwowo mkazi anawathawa kalekale, ndipo ana awo sawalankhula. Ameneyo ndiye anali mphunzitsi wanga wa za banja!

Zinanditengera miyezi itatu kuti ndilimbe mtima. Ndinakaulula kwa bambo mfumu ku tchalitchi kwathu, iwo n'kundiuza kuti kulapa kwanga n'kosakwanira ngati amene ndinamunamizira akadasenzabe mlandu. Ndinaitanitsa amalume ndi azakhali n'kuwauza zoona zonse. Azakhali anangoti aa, nanga bwanji sunanene, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Panalibe amene anaganiza zokapepesa kwa mkazi amene anamutcha mfiti ali ndi masiku ochepa ataika mwana wake.

Ndinapita ndekha ku Petauke. Ndinamupeza akusenda nyemba pakhonde, ataonda moti ndinachita kumuyang'anitsitsa. Ndinagwada pa dothi pamaso pa mayi ake n'kupepesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Atate ake Sofiya, za mwana sindikusungirani mlandu, inu simunamuphe. Za lamulo lanu ndinakhululuka kale, munali mwana pa ntchito. Koma tsiku lija anakufunsani, inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Ndingagonenso bwanji m'nyumba ya munthu amene anandisiya anthu akundidya?" Ndinabwerera ku Kabwe ndekha.

Thiraki ndikuyendetsabe, chifukwa ntchito ina ndilibe. Tsopano ndinatsimikizidwa pa ntchito, ndipo ndikhoza kuima m'Kabwe theka la ola popanda wondiimbira, koma woti ndimuimire palibe.

Mnzanga amene ukuyamba kumene ntchito imeneyi, ndimvere ine amene zinandichitikira. Ntchito yathu imakuchotsa kale pakhomo milungu yambiri, usadzichotsenso wekha potseka pakamwa pa mkazi wako. Foni ikalira, patuka, imika galimoto, umve zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Kulikonse kumene wawolokera, nambala yako aidziwe. Ukaona pamalo pa mkazi wako pabwera munthu wina, tsika ufunsitse, bwana akalipa mawa n'kuiwala. Akuluakulu a pamsewu uwamvere pa za mabuleki ndi zitunda, koma asanakulangize za banja uyambe wawafunsa kumene kuli akazi awo.

Ndipo ngati walakwa kale, tsiku limene adzakufunse pamaso pa anthu, udzavomere pomwepo. Ine ndinaopa manyazi a tsiku limodzi. Ndinavomera patapita miyezi itatu, kwa anthu amene anali atasiya kale kusamala za nkhaniyo, ndipo mkazi amene ankafunika kumva mawu amenewo tsiku lija sanabwerenso.