Chidebe Chimene Mng'ono Wanga Adakwirira Kumunda

Ine ndidaneneza mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi, kuti ndi chigawenga. Palibe adandikakamiza. Ndidapalasa njinga ndekha kukamunenera, ndipo pobwerera ndinkadziona ngati munthu wapulumutsa mudzi. Inu owerenga, ndalemba izi kuti mantha akadzafika kwanuko musadzachite uchitsiru umene ndidachita ine.

Ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mualadzi, ntchito yanga ndi yokonza njinga. Kwathuko adandisankhanso kukhala woyang'anira nyumba khumi, ndipo sindikubisirani, kaudindo kameneka kadandikwera kumutu. Mkazi wanga ankandiseka kuti ndikaitanidwa kumsonkhano ndimayenda ngati boma lonse lili m'thumba la malaya anga.

Mng'ono wanga Lusiyano adachoka kwathu ali mnyamata, kupita kumpoto ku Cabo Delgado kukacheka matabwa. Adakwatira komweko, nkubereka mwana wamkazi. Nkhondo ya zigawenga itakula kumeneko, foni yake idaleka kupezeka. Padapita zaka zitatu osamva kanthu, mpaka amayi adayamba kumutchula pamodzi ndi akufa popemphera.

Tsiku lina, chimanga chikumasula, adatsika shapa, minibasi ya kuno, ali yekha ndi kachikwama kamodzi. Tidamufunsa za mkazi ndi mwana, iye adangoti atsala. Ife tidaganiza kuti ukwati udatha, monga zimathera za anthu okwatira kutali, ndipo sitidafunsenso. Kulakwa kwanga kudayambira pamenepa, chifukwa wamkulu ndine, woyenera kumukhazika pansi ndidali ine.

Lusiyano amene adabwera sadali uja adapita. Kale adali wanthabwala, woti pamaliro ankamukhazika patali kuopa kuti aseketsa anamfedwa. Tsopano ankatha tsiku osatulutsa mawu khumi. Sankakhala mofulatira khomo, ndipo amayi ankadandaula kuti nsapato sazivula ngakhale pamphasa. Tsiku lina tayala lidaphulika pantchito panga, iye adadzigwetsa chafufumimba nkukwawira kuseri kwa mtengo. Anthu adaseka, koma mkulu wina adati kugwa kotere amakudziwa ndi munthu wophunzitsidwa za nkhondo. Mawu amenewo adandilowa. Pa mwambo wokumbukira malemu atate athu, anyamata atagwira mbuzi kuti aizinge, Lusiyano adanyamuka nkulowa m'chimanga, ndipo nyamayo sadailawe. Anthu adayamba kunong'ona kuti walowa chipembedzo cha kugombe. Kwa ife osadziwa, chipembedzocho ndi uchigawenga tinkaziponya mudengu limodzi.

Nthawi yomweyo sekretariyo wa dera lathu adaitana ife oyang'anira nyumba khumi. Adati tikhale tcheru, popeza msewu wa kumalire ku Cassacatiza umadutsa anthu a mitundu yonse, ndipo tikaona chachilendo tizinena. Mawuwo sadali oipa. Koma pa tonse tidakhala pamenepo palibe adafunsa kuti terorista, kapena kuti chigawenga, amene wailesi imanena ndi munthu wochita chiyani. Aliyense adadziumbira wake. Wina adati ndi wandevu, wina adati ndi wosadya nkhumba, winanso adati aliyense wochokera kumpoto amene safotokoza kumene anali. Ine ndikumvetsera ndinkangoona nkhope ya Lusiyano.

Ndidayamba kumuzonda, m'bale wanga yemwe. Ndidaona kuti m'mawa uliwonse asanagwire khasu ankapita kumapeto kwa munda wa amayi, pachulu choyandikana ndi tchire. Ankagwada, kufukula pang'ono, kukwiriranso, nkuwazapo masamba. Inu owerenga, ife a kuno timadziwa chimene chimakwiriridwa kutchire. Titabwerera kuchokera ku Zambia kumene tidathawira nkhondo yapachiweniweni, ine ndili mwana, anthu ankafukula mfuti ndi zipolopolo polima. Choncho mutu wanga sudaganizenso china.

Mkazi wanga adati ndikamufunse mwini wake, si m'bale wanu kodi. Ndidamuyankha kuti nkhani za boma si za kukhitchini. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekhako ndidalibe. Ndinkaopa kuti wina akayamba kunena, ine adzanditenga ngati wobisa chigawenga. Ndinenenso chochititsa manyazi: ndinkafuna sekretariyo anditchule pamsonkhano kuti uyu ndiye mwamuna, sadakondere ngakhale magazi ake.

Apolisi awiri adabwera ndi sekretariyo dzuwa lili pamutu, ndipo mudzi wonse udatsatira m'mbuyo. Tidamupeza Lusiyano akudula chimanga ndi amayi. Adamuuza kuti akafukule chimene adakwirira pachulu. Iye adandiyang'ana kamodzi kokha, nkutsogola. Anthu adaima patali poopa bomba, ena atakwera pachitsa kuti aone bwino.

Chidatuluka chidali chidebe cha pulasitiki chotseka bwino. Wapolisi adachitsegula nkumayala zinthu pansi chimodzichimodzi. Mudali mchere, machesi, ufa pang'ono, chitupa chake chija timati bilyeti, ndi chikalata chadidindo cha kumsasa wa anthu othawa nkhondo. Pansi pake padali nsalu ya kapulana yobiriwira, khadi la kusikelo la mwana, ndi tinsapato tiwiri ta pulasitiki toti tingakwane m'dzanja limodzi.

Wapolisi adamufunsa chifukwa chokwirira zinthu zotere. Lusiyano adayankha motsitsa mawu, koma tonse tidamva chifukwa padali zii.

"Kumene ndinaliko banja lililonse limakwirira chidebe kutchire. Anthu aja akafika sulowanso m'nyumba, umangothawa. Tsikulo ine ndinali kocheka matabwa. Chidebe ndidachipeza. Eni ake ndidawapeza atawapha."

Kenaka adatembenukira kwa ine nkunena kuti, "Mano, mkulu wanga, mukadandifunsa ndikadakuonetsani."

Amayi adagwa pansi atafumbata tinsapato tija. Umu ndi mmene adadziwira kuti mdzukulu wawo, amene sadamunyamulepo, adamwalira kalekale: pakati pa munda, pamaso pa khamu lodzaonerera mfuti. Apolisi adawerenga chikalata, adabwezera zinthu m'chidebe, nkumupepesa. Anthu adabalalika mmodzimmodzi, aliyense maso pansi.

Ndinkaganiza kuti poti choonadi chaoneka, nkhani yatha. Ayi ndithu. Dzina ndidamupatsa lija lidamumatirira ngati chisoso pa buluku. Ana ankamukuwiza kuti terorista akamadutsa, ndipo akuluakulu ena ankati utsi sufuka popanda moto. Ine ndinkafuna kukamupepesa, koma tsiku lililonse ndinkati mawa, manyazi atandimanga miyendo. Iye adathandiza amayi kukolola mpaka chimanga chonse chidalowa m'nkhokwe. Atatha, adatenga chidebe chake nkukwera galimoto yolowera ku Cassacatiza, osatsanzika kwa ine.

Ndidamutsatira patapita masiku awiri. Ndidafunsa oyendetsa malole, ndidafunsa amayi ogulitsa nthochi pamalire. Wina adati adamuona akuwolokera ku Zambia, wina adati munthu wotere sadamuonepo. Ndabwererako kangapo konse, ndipo nthawi zonse ndimabwerako ndekha.

Lero ndili pakati pa anthu koma ndili ndekhandekha. Amayi amandiyankha moni basi, ndikakhala pakhonde pawo amapeza chochita kuseri kwa nyumba. Omwe aja ankanong'ona za Lusiyano, omwe aja adathamangira kumunda kukaonerera, ndiwo amakodolana ndikamafika kuti samalani pakamwa, wabwera wogulitsa m'bale wake. Njinga amabweretsabe chifukwa wokonza wina ali kutali, koma amangoitsamiritsa pamtengo nkudzaitenga madzulo. Benchi limene kale linkadzaza ndi ocheza limangokhala ndi nkhuku. Udindo uja ndidautula. Mkazi wanga sadanenepo kuti ndidakuuzani, ndipo kukhala chete kwakeko kumandipweteka kuposa kunditukwana.

Ndakhala ndi nthawi yambiri yoganiza, poti wocheza naye ndilibe. Chigawenga si ndevu, si chipembedzo, si dera limene munthu wachokera. Ndi munthu amene amapha ndi kuotchera anthu osalakwa mwadala, kuti otsalawo agwidwe ndi mantha mpaka asiye kukhulupirirana. Manthawo amafika kumene mfuti siidafike. Anthu amene adapha mlamu wanga ndi mwana wake sadapondepo kwathu kuno ku Chifunde, koma adathamangitsa Lusiyano kachiwiri, ndipo ulendo uno adatuma ine.

Sindikuti mukaona choopsa muzibisa, ayi. Nenani, koma nenani chimene munthu wachita, osati chimene mantha anu akuuzani za iye. Ndipo wina akabwera kuchokera kunkhondo ali duu, akudzidzimuka ndi chilichonse, musayambe ndi kumuzonda. Mukhazikeni pansi, mufunseni kawiri, katatu, ngakhale akane kuyankha. Mufunseni za anthu amene adali nawo, muwatchule mayina.

Ndikunena za mayina chifukwa mwezi watha amayi adapita kuparishi kukapempha Misa ya akufa awiriwo. Dzina la mwana ankalidziwa. Atafunsidwa la mpongozi wawo, adazindikira kuti salidziwa. Zaka zonse zija pafoni tinkangoti mupereke moni kwa alamu. Adabwerako akulira, nkudzaima pakhomo panga koyamba chichokereni Lusiyano, kundifunsa ngati ine ndikulidziwa. Inu owerenga, sindikulidziwa, ndipo munthu yekhayo amene akadatiuza ndidamuthamangitsa ndine.