Tsiku Limene a Pampu Anasoka Pakamwa

Padoko palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Pampu, ndipo iwo anasiya kalekale kukwiya nalo. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akhala akusamala boti la dokotala wina wa mano, kaboti koyera kokwana anthu asanu ndi mmodzi, kamene mwini wake amakwera mwina kanayi pachaka. Masiku ena onse ndi a Pampu: kupala ndere kunsi, kuthira oyilo, kuzungulitsa anzake a dokotala pamadzi Loweruka n'kubwera nawo atapsa ndi dzuwa. Injini amaidziwa, mphepo amaidziwa. Koma chimene chinawapatsa dzina si injini ayi. Ndi chimbudzi.

Chimbudzicho chili pansi, ukatsika masitepe atatu, m'kachipinda kochepa ngati kabati ya zovala. Munthu wamtali amakhala mawondo atagunda chitseko. Pambali pali pampu yamanja ndi kachitsulo kopotoza: ukakakankhira kumanzere madzi amalowa, ukakakankhira kumanja zonse zimapita ku thanki imene ili pansi pa benchi. Paipi yake ndi yopapatiza, ndipo pakhosi pake pali kalabala kooneka ngati mlomo wa bakha. Kalabala kameneko ndi kamene kawameretsa imvi a Pampu.

Motero boti lisanachoke, kaya wakwera loya, kaya m'busa, a Pampu amaima pamasitepe n'kuyamba ulaliki wawo.

"Mabwana ndi madona, mundikhululukire. Umu musaponyemo chilichonse chimene simunayambe mwadya, kupatula kapepala kanga kopyapyala aka. Kumanzere, popani kakhumi. Kumanja, popani mpaka muume. Pampu ikalimba, musalimbane nayo, itanani ine. Palibe chimene mungandionetse chimene sindinachionepo."

Anthu amaseka, ena amayang'ana kumbali, ambiri samva n'komwe. M'zaka zimenezi a Pampu avuulamo sokosi, chitsekerero cha botolo, khoko la nthochi, ndolo, ndi mano oikirira amene dokotala atawaona anazindikira kuti anawapanga yekha.

Chimene chimawapweteka mutu si fungo. "Fungo silinama," amatero. Chimawatopetsa ndi manyazi a anthu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake aona kuti zinthu sizikupita, ndiye m'malo moitana apopa ndi mphamvu zonse, atseka chivundikiro, asamba m'manja, atuluka akuimba mluzu. Wotsatira apeza zomwezo, aopa kuti anthu anena kuti ndi iye, nayenso apopa, nayenso mluzu. Anthufe tikhoza kumira boti lonse tili chete, bola tisatchule mawu akuti chimbudzi.

Mwana wawo wamkazi, amene kunyumba amangomuti Mzime, anakulira m'botimo. Ali wamng'ono analoweza ulalikiwo n'kumaunena patebulo anthu akudya, mpaka amayi ake kumuopseza ndi supuni. Koma anakula, anaphunzira, anayamba ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala, ndipo kumutchula "mwana wa a Pampu" kunayamba kumuyabwa. Atapeza mnyamata wofuna kumukwatira, wamagalasi wina wokonza makompyuta, anauza makolo a mnyamatayo kuti bambo ake ndi kaputeni. Silinali bodza. Kungoti nkhaniyo anaidula pakati.

Dokotala atamva za ukwati anati, "Tengani boti Loweruka, mukawazungulitse asewere anu." A Pampu anakondwa. Sanadziwe kuti apatsidwa mtolo.

M'mawa wa Lowerukalo Mzime anafika padoko ndi amayi ake alendo asanabwere, atanyamula malaya oyera ositidwa bwino ndi chikwama chodzaza.

"Ababa, ndikupempheni chinthu chimodzi."

"Malayawo ndivala, usadandaule."

"Si malaya. Lero lokha, za chimbudzi ayi."

"Iwe, ukufuna anthu akalowe muja osadziwa pogwira?"

"Ndi anthu ophunzira, ababa. Bambo ake aja anali ahedi a sukulu zaka makumi atatu."

"Mano ndinavuula aja anali a jaji."

"Bambo ake Mzime," analowerera akazi awo, "tsiku limodzi lokha simufa. Mwana akufuna kukwatiwa, inu mukufuna kuwalonjera anthu ndi za kupopa?"

A Pampu anayang'ana mwana wawo. Mzime sankaseka. Anali ataluma mlomo monga ankachitira ali wamng'ono akamaopa jakisoni, ndipo anaona kuti kwa iye nkhaniyi si yamasewera. Akuopa kuti banja lija likadziwa zimene manja a bambo ake amagwira, lidzamuyang'ana mosiyana moyo wake wonse.

"Chabwino," anatero. "Pakamwa panga ndasoka."

Iwo akuyang'ana oyilo kumbuyo, Mzime anatsikira pansi kukakongoletsa. Anamatula chikwangwani cha malangizo pachitseko n'kuchibisa pansi pa khushoni. Anaika sopo wonunkhira ndi kathaulo. Kapepala kopyapyala ka bambo ake, kotuwa ngati ka munthu wosauka, anakaponya m'chikwama, n'kuikapo mpukutu wa pepala lofewa, lochindikala, lamaluwa, lonunkhira ngati mafuta odzola.

Alendo anafika pa nthawi yake. Ahedi anabwera atavala suti ndi tayi, paboti. Mayi Ahedi anavala chipewa chachikulu chimene ankachigwira ndi dzanja limodzi. Wamagalasi anali pambuyo ndi bokosi la zakudya.

"A kaputeni!" anatero Ahedi akugwedeza dzanja la a Pampu mwamphamvu.

Nthawi yomweyo wogulitsa mafuta padoko anakuwa ali kutali, "A Pampu! Lero mwawala bwanji? Mwakwezedwa?"

"Akuti a chiyani?" anafunsa Ahedi.

"Za pampu ya injini," anayankha mwachangu akazi a a Pampu. "Amaidziwa kwambiri."

Boti linanyamuka popanda ulaliki, koyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. A Pampu anamva ngati atuluka m'nyumba osavala nsapato.

Ola loyamba linayenda bwino. Panali nkhuku, mabanzi, mazira owiritsa, ndi tiyi wa m'fulasiki amene mayi Ahedi anamwa makapu atatu chifukwa, akuti, mphepo imawaumitsa kukhosi. Kenako Ahedi anatsokomola, anakonza tayi, anatsika masitepe atatu aja.

A Pampu, ali pa chiwongolero, anatchera khutu. Pampu ija amaimva ngati mayi amvera kulira kwa mwana wake pakati pa ana ena. Kamodzi, kawiri, katatu, bwinobwino. Kachinayi inalira kuti kwii. Kachisanu inaima. Ndiye kunayamba kulimbana. Anawerenga mpaka makumi atatu ndi kawiri, ndipo kupopa kulikonse kunkawalasa m'msana. Ahedi anatuluka thukuta lili kamukamu, anayang'ana kutali n'kunena kuti, "Malo okongola kwambiri ano." Kenako anayamba kuimba mluzu.

A Pampu anatsegula pakamwa. Akazi awo anawaponda phazi.

Patapita kanthawi anatsika Wamagalasi. Mnyamatayo amanyamula zitsulo m'mawa uliwonse, ndipo anapopa ngati akupopa tayala la lole. A Pampu anatsinzina. Ankaona m'maganizo kalabala kawo kakutupa, kakupempha chifundo. Mnyamatayo anatuluka maso ali pa foni.

Fungo linafika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mlendo wodziwa kuti sanaitanidwe.

"Kodi kuno kuli fakitale pafupi?" anafunsa mayi Ahedi.

"Mwina ndi nsomba yakufa," anatero Ahedi.

"Zimachitika, zimachitika," anavomereza Wamagalasi.

A Pampu anayang'ana anthu asanu, onse akuluakulu, atakhala pamwamba penipeni pa thanki, akusakasaka fakitale pamadzi. Anayang'ana Mzime. Mzime anawapukusira mutu pang'ono, maso akupempha.

Kenako tiyi uja anagwira ntchito yake. Mayi Ahedi anapatsa amuna awo chipewa, anatsika, anatsegula chitseko, ndipo panamveka "Mayo ine!" Anakwera masitepe chobwerera m'mbuyo, nsapato imodzi itanyowa.

"Muli... madzi," anatero. Anakhala pansi atapanikiza miyendo, nkhope itauma.

Wamagalasi anasendera kwa a Pampu n'kunong'ona. "Bambo, ndaona pa foni. Tikhoza kungotunga ndi ndowa n'kutayira m'madzimu. Palibe aone."

A Pampu analoza kumtunda, kumene anthu ankasambira. "Ukuwaona awo? Akusambira pakamwa pali yasa. Mawa ana ako adzasambira pomwepo. Foni yakoyo yanenapo za zimenezo?" Anatembenuza boti mwamphamvu moti mazira anagubuduka pabenchi.

Mzime anabwera kudzaima pambali pawo. "Ababa, chonde. Tikawatsitse kaye koimika magalimoto, apite, kenako muzikapanga zanuzo."

"Koimika magalimoto n'kumapeto kwa doko, ndipo kulibe chimbudzi. Chapafupi chili pamene pali makina opopera zonyansa. Tawayang'ana apongozi akowo. Sankha wekha."

Mzime anacheuka. Mayi Ahedi anali atatsinzina, milomo ikuyenda ngati akupemphera.

"Pamakina," anatero chapansipansi.

Boti lisanamangidwe n'komwe, mayi Ahedi anali atalumpha kale, akuyenda mofulumira monga munthu wolemekezeka angayendere popanda kuthamanga. Woyang'anira makina anali atapita kokadya. A Pampu anavula malaya oyera aja, anawapinda bwinobwino, anawapereka kwa akazi awo. Anatulutsa ovolosi yawo yothimbirira ndi magolovesi ofika m'zigongono. Pamaso pa Ahedi, kaputeni anatha, panatsala a Pampu.

"Mayi ake Mzime, batani lobiriwira. Ndikakuwa, dinani."

Anakokera chipaipi cha makina mpaka pansi, chinayamwa zonse zimene zinali zitasefukira. Kenako anagwada m'kachipinda kaja, mutu kukhoma, anamasula masikuluwu anayi, anapisa zala pakhosi pa paipi. Anatuluka atanyamula m'ndowa chimpira cholimba ngati mwala, maluwa ake akuonekabe.

"Ili si pepala langa," anatero. Sanakuwe. Anali atatopa kwambiri moti mphamvu zokuwira analibe. "Langa limasungunuka ukangoliyang'ana. Ili ungafolere nalo nyumba."

Kenako Ahedi anamasula tayi. "A kaputeni, woyamba ndine. Ndinaona chalimba, ndinachita manyazi."

"Ndinakuwerengerani. Makumi atatu ndi kawiri."

"Wachiwiri ndine," anatero Wamagalasi.

"Iwe sindinathe n'kuwerenga."

"Pepalalo ndinaika ndine, ababa," anatero Mzime. "Chikwangwaninso ndinachotsa ndine."

A Pampu anamuyang'ana. Panali zambiri zonena, zina za zaka khumi zapitazo, koma thanki inali ikudikira. Anabwezera kalabala, anamanga masikuluwu, anakwera, anatsegula chitsekerero cha thanki pamwamba pa boti.

"Tsopano pakufunika munthu. Ine nditsika ndizikapopera madzi oyera kuti thanki itsukike. Wina agwire paipi pabowo apa, aponderezere, asasiye. Akasiya, tonse tisamba."

Wamagalasi anachita sitepe imodzi kutsogolo, ina theka kumbuyo. Ahedi anayamba kupinda mikono ya malaya pang'onopang'ono, ngati akuyembekeza kuti belu lilira. Mzime anatsegula kabati imene anaidziwa kuyambira ali mwana, anatulutsa magolovesi ena, anagwada ndi diresi lake latsopano n'kugwira paipi.

Makina analira. Paipi inayamba kugunda m'manja mwake ngati chinthu chamoyo. Nthawi imeneyo mayi Ahedi anabwerera, nkhope itamasuka, akuyenda ngati munthu wotuluka m'chipatala. Anaona mpongozi wawo atagwada, anaona ndowa, anamva nkhani yonse kwa amuna awo.

"Nanga bwanji simunatiuze kagwiritsidwe kake? Ife tikanadziwa bwanji? Zinthu zoterezi amanena!"

Pansi paja kupopa kunaima kaye. Akazi a a Pampu anayang'ana kumwamba.

"Amanena, amayi," anatero Mzime, osadzutsa mutu. "Ababa amanena ulendo uliwonse. N'chifukwa chake amawati a Pampu, si za injini ayi. Ndinawaletsa ndine." Kenako anakweza mawu kuti apose makina. "Umu musaponyemo chilichonse chimene simunayambe mwadya, kupatula kapepala kopyapyala. Kumanzere, popani kasanu..."

"Kakhumi!" anakuwa a Pampu ali pansi. "Zaka zonsezi ukadali kunena kasanu?"

"Kakhumi. Kumanja, mpaka muume. Pampu ikalimba, musalimbane nayo."

"Mwamva, inu?" anatero mayi Ahedi kwa amuna awo. "Musalimbane nayo. Zaka makumi atatu kukalipira ana a eni kuti sawerenga malangizo."

"Malangizowo panalibe," anadziteteza Ahedi.

"Pakamwa munalibenso?"

Mutu wa a Pampu unatulukira pamasitepe, thukuta likutsika m'makutu. Anayang'ana mwana wawo, diresi litanyowa m'mawondo, manja onse awiri ali papaipi, pamaso pa banja lonse limene ankaliopa lija.

"Iwe Mzime, ukuyang'ana kuti? Ponderezera kumanzereko, ikuyamwa mpweya. Ndipo mukamaliza kukambirana, wina andipezere kapepala kanga."